Milongoti Iwiri ya Atsibweni

Chulu cha kumunda kwa atsibweni achigumula mwezi watha. Anyamata a kutchalitchi akuumba njerwa zokuzira nyumba ya abusa, ndipo kuti dothi la pachulu ndilo labwino palibe angatsutse. Ndinadutsapo ndikuchokera ku Namitambo, n'kupeza dzenje la matope ndi zikombole zili mbwee. Ndinaima pamenepo ngati munthu woiwala kumene akupita. Papita zaka zitatu chiwaikire m'manda atsibweni anga a Fanuwelo Nakhuwa, ndipo ndinkayesa kuti misozi inauma kale. Ayi ndithu, ine mayi wamkulu ndi ana ake, ndinalirira chulu.

Anali mlongo wawo wa mayi anga, wamkulu kubadwa. Kuno ku Kadewere dzina loti Nakhuwa ankalidziwa ndi achikulire okha. Ena onse ankawatchula a Milongoti, chifukwa cha nsungwi ziwiri zazitali zimene anazika, ina uku ina uku kwa nyumba yawo, iliyonse ndi waya wake wotsikira pawindo kukalowa m'wailesi. Amayi a pachitsime ankati n'zokodwetsera ndege za afiti. Dzinalo linali lowaseka, koma iwo ankaliyankha mokondwa, mpaka kuvula chipewa.

Anapita ku Mangalande ine ndisanabadwe, kukaphunzira masamu. Anayenera kubwera atatha maphunziro, koma pamsonkhano wina wa ophunzira anayankhula zimene nthawi ya chipani chimodzi munthu sankayankhula, ndipo mawuwo anafika kuno iwo asanamange n'komwe katundu. Anakhala konko, n'kuyamba kuphunzitsa kuyunivesite za mmene uthenga ungayendere m'mlengalenga osawonongeka. Anakwatira mzungu, anabereka mwana mmodzi, Elena. Mkaziyo anamwalira. Chaka cha chisankho choyamba cha matipate, mu 1994, tinangoona galimoto ikutsitsa nkhalamba ya jekete, masutikesi awiri odzaza mabuku, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa. Elena anatsala, anali wamkulu kale ndi ntchito yake.

Chimene chinkawadya atsibweni tonse tinkachidziwa, ngakhale sankachitchula kawirikawiri. Agogo anga, amayi awo, anamwalira iwo ali kunjako. Uthenga anaupatsira munthu mmodzi, mbale wathu wina amene ankapita ku Blantyre, kuti akautumize pa telegalamu. Atafika kupositi anachita mantha kulemba dzina la munthu amene boma linkamusaka, ndiye anabwerako n'kunena kuti watumiza. Atsibweni anamva patapita chaka ndi miyezi. M'kati mwa nthawi imeneyo anatumiza bulangete la amayi awo, ndipo linafika, mayi anga n'kulilandira akulira. Atsibweni ankandiuza kuti si imfayo imene inkawapweteka kwenikweni, poti munthu wokalamba amapita. Chinkawapweteka n'chakuti sadziwa zimene ankachita tsiku limene amayi awo ankatsitsidwa m'manda. Mwina ankadya, mwina ankaseka ndi anzawo. Ndipo mantha awo aakulu anali akuti zomwezo zidzamuchitikira Elena.

Ndiye musadabwe kuti munthuyu sankatuma uthenga pa njira imodzi. Akafuna mchere ankauza ine, kenako n'kuuzanso aliyense wopita kumsika, ndipo madzulo mchere unkabwera kawiri. Mayi anga ankati m'nyumba ya achimwene awo muli mchere wokwanira ukwati. Iwo ankangoyankha kuti mchere wobwera kawiri umaposa ndiwo zopanda mchere.

Chitseko cha pakhonde anachipaka utoto wakuda, n'kukhala bolodi yawo. Ine ndine mphunzitsi wa ana aang'ono, masamu anga amathera pa kugawa, koma ndinali yekhayo amene ndinkapirira kukhala pampando, choncho ndinakhala kalasi yawo yonse. Ankati mawu a pafoni amayenda ngati mafunde. Ena amabwera molunjika, ena amakagunda phiri la Chiradzulu n'kubwerera, ndipo akakumana pena amathandizana, pena amafafanizana. N'chifukwa chake munthu umamva bwino apa, koma ukasuntha phazi limodzi zonse zii. Mlongoti umodzi ndi njira imodzi, ikafa yafa. Milongoti iwiri ndi njira ziwiri, ndipo si kawirikawiri zonse kufa nthawi imodzi. Ankandionetsa ndi wailesi yawo: akalumikiza waya wa nsungwi ya kum'mawa mawu n'kuyamba kuzilala, ankasinthira wa kumadzulo, wolengeza nkhani uja n'kudzukanso.

Koma nzeru yake, ankatero, si kungokhala ndi milongoti iwiri. Ikakuwa chinthu chimodzi nthawi imodzi ingathe kuphana yokhayokha. Apa m'pamene ankajambula timabokosi tinayi, tiwiri pamwamba tiwiri pansi. Mzere wa pamwamba ndi mlongoti woyamba, wa pansi ndi wachiwiri. Uli ndi mawu awiri oti utumize. Mlongoti woyamba uyambe ndi liwu ili n'kutsiriza ndi linalo, wachiwiri uyambe ndi linalo n'kutsiriza ndi ili, koma atawatembenuza mwa masamu kuti wolandira athe kuwalekanitsa ngakhale afike osakanikirana. Motero liwu lililonse ladzera njira zonse ziwiri.

Pamenepo ndinkamva. Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali patsogolo pake. Mauthenga akachuluka, timabokosi timeneti timachulukanso, ndipo pasapezeke tiwiri tofanana kwambiri moti wolandira n'kusokoneza. Poyesa, umachotsera bokosi lina ku linzake, n'kuchulukitsa manambala otsalawo mopingasa, n'kuchotseranso. Yankho lisakhale ziro, ndipo lisamakwawire kufupi ndi ziro. Manambala wamba, ankati, ndi osakhulupirika, tsiku lina amakupatsa ziro usakuyembekeza. Ndiye iwo ankafunafuna banja lina la manambala, banja lachilendo limene ukachulukitsa ichi ndi icho yankho limasiyana ndi kuchulukitsa icho ndi ichi, koma mmene zinthu ziwiri zenizeni sizingakwatirane n'kubereka chabe. Akafika apa maso awo ankawala, choko chili m'tsitsi, ine mutu uli waa. Ndinkavomera ndi mutu, ndipo ankadziwa kuti ndikunama.

Amene ankawatumizira mapepala a zimenezi ndi wophunzira wawo wakale, kudzera pabokosi la kupositi la Che Amidu, mwini sitolo ku Namitambo. Atsibweni ndi Che Amidu ubwenzi wawo unali wa mkangano. Che Amidu anagwirako ntchito ya utelala ku Joni, ndiye ankati dziko nawonso analiona. Ankakangana pa bawo, ankakangana za mvula, ankakangana ngati batire ya galimoto imene Che Amidu ankatchajira mafoni a anthu ikupha mafoniwo kapena ayi. Tsiku lina atsibweni anakwiya mpaka kunena kuti sadzapondanso pasitolopo. M'mawa mwake anali pomwepo, ati anaiwala chipewa, chipewa chili kumutu.

Banja la manambala lija analipeza patatha madzinja angapo. Ndikukumbuka kuti munali muzu wa faifi, poti anandiuza mpaka ndinalota nawo. Tsiku limenelo anayenda wapansi mpaka ku Namitambo osapumira, n'kugulira aliyense amene anali pasitolo mandasi. Analemba zonse bwinobwino n'kutumiza. Yankho litabwera, linali loti anthu ena kunjako anapeza zomwezo miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo zinasindikizidwa kale. Che Amidu akuti anawayang'ana akuwerenga mpaka anachita nawo manyazi.

"Ndiye kuti sindinapenge, achimwene," anatero atsibweni atapinda kalatayo. "Njira tinaponda imodzi. Kungoti anzanga anali pa ndege, ine pa kabaza."

Anthu anaseka. Koma atafika kunyumba anafufuta chitseko chonse ndi nsanza yonyowa, ndipo chakudya chimene ndinawapititsira ndinakachitenga chili chovundikira momwemo. Ndinawamvera chisoni kwambiri tsiku limenelo, kuposa tsiku lililonse la matenda awo.

Foni ya m'manja itafika kuno, netiweki inkapezeka malo amodzi okha m'mudzi monse, pamwamba pa chulu cha kumunda kwawo. Elena ankaimba Lamulungu masana. Atsibweni ankasamba, kupesa tsitsi, kumanga tayi, ngati kuti mwanayo awaona, n'kukwera chulu ndi ndodo. Ankayankhula Chingerezi, koma mawu akayamba kudukaduka ankaiwala n'kukuwa m'Chinyanja, "Ukumva? Ukumva?" Mpaka Elena anaphunzira liwu limodzi lokha la chiyankhulo chathu, loti ndikumva. Ma Lamulungu ena foni sinkalira. Ankaima pachulupo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo potsika ankati netiweki lero yavuta. Sanamunenepo mwana wawo ngakhale tsiku limodzi.

Amene ankamunena ndi mayi anga. Sikuti ndi munthu woipa, koma zimene anakulira anakulira.

"Achimwene, mwana ndi wa kwa amake," ankatero akundiloza ine. "Mbumba yanu ndi ifeyo, ndi Esinati uyu ndi ana ake. Mukuthera mphamvu pachulu chifukwa cha munthu woti ngakhale moni wa Chinyanja saudziwa?"

"Amake anamwalira, achemwali. Kwa amakeko kulibe munda, kulibe msuweni, kuli nyumba ya lendi. Ndiye mwanayu ndi wa kwa yani?"

"Akanakhala wathu akanabwera."

Akafika pamenepa atsibweni ankangoyamba kupukuta magalasi awo.

Matenda atakula, miyendo itayamba kutupa, anatiitana atatu pakhonde: mayi anga, Che Amidu ndi ine. Ankalephera kuima nthawi yaitali, koma anaimabe n'kujambula timabokosi tinayi pachitseko. Ndinaganiza kuti masamu ayambiranso. Pamzere wa pamwamba analemba dzina langa, pa wa pansi la Che Amidu.

"Tsiku langa likafika," anatero, "iwe Esinati utenge foni yangayi ukwere pachulu. Inu achimwene muimbe pa foni ya waya ya kusitolo. Njira ziwiri. Mafoni athuwa mukuwadziwa, amaduka munthu usanameze malovu. Ndiye mawu oyamba ndiwo amafika. Esinati uyambe ndi kuti bambo ako amwalira, kenako tsiku loika. Inu muyambe ndi tsiku ndi ola, kenako za imfa. Ikaduka iyi, ikaduka iyo, iye akaphatikiza adziwa zonse."

"Nanga moni?" anafunsa mayi anga.

"Moni palibe."

Mayi anga anaimirira. "Uthenga wa maliro kuuponya ngati mwala? Munthu umayamba wapereka moni, wafunsa za moyo, wamukhazika pansi mnzako, kenako n'kunena kuti kuno zativuta. Ngakhale kwa mdani sitichita zimenezo, achimwene. Mukufuna mwana akagwe nayo foni?"

"Agwe, adzadzuka. Ine sindinagwe, achemwali. Ndinali ndikugula bulangete."

Kenako atsibweni anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndiyeseze pomwepo, m'Chingerezi, iwo akumva. Tangoganizani, munthu ali moyo, wakhala patsogolo pako akupuma movutikira, ndiye iwe unene kuti wamwalira. Ndinakana. Anandiuza kuti lilime limene silinayesezepo lidzathawira ku moni, poti ndiko linazolowera. Ndinanena monong'ona, misozi ili chuchuchu.

"Sindinamve. Pachulu pamawomba mphepo. Bwereza."

Ndinabwereza. Che Amidu nawo anayeseza mzere wawo akuyang'ana pansi, munthu wokonda kutsutsa uja osatsutsa kanthu. Mayi anga anati amenewa ndi malodza, kudziitanira imfa dzuwa likuswa mtengo, ndipo anachoka osatsanzika. Anakhala osawayankhula mpaka chimanga chinamera, ngakhale phala lawo ankaphika ndi iwo omwe n'kundipatsira ine.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, m'dzinja, mvula ikuwaza. Akuluakulu anagwirizana kuti tiika Loweruka masana. Ndinatuma uthenga kwa Che Amidu, ine n'kutenga foni kukwera chulu, ndikuterereka. Netiweki inali kamzere kamodzi, kakubwera kakupita. Foni italowa, Elena anayankha mwansangala, poti nambala inali ya bambo ake. Anati, "Dadi?"

Atsibweni ankalidziwa lilime langa. Moni anafika pamilomo yekha, ndipo thupi lonse linkandiuza kuti sindingamuchite chipongwe chotere mwana wa munthu. Ndinatseka maso n'kunena mmene ndinayesezera pakhonde paja. Ndinamva akukoka mpweya. Ndisanatchule Loweruka, foni inati zii. Ndinayesa, ndinayesanso, ndinakweza foni m'mwamba mpaka mkono kuwawa, koma mvula inali itakula ndipo kamzere kaja sikanabwerenso.

Che Amidu anafika pamaliro madzulo ali nyowe, n'kundiitanira kuseri. Nawo zinawathera pakati. Anangokwanitsa kunena kuti Loweruka, thu koloko masana, waya n'kuduka, mwina mtengo unagwera pena pake. Tinayang'anana. Ine ndinali nditatumiza imfa yopanda tsiku, iwo tsiku lopanda imfa, ndipo panalibe njira yodziwira ngati zinakumana.

Kuchokera ku Mangalande Elena sakanafika pofika Loweruka, zimenezo tinkadziwa. Njira ya kumanda kwathu imadzera kumunsi, kudambo, kumene foni siigwira n'komwe. Ndinawauza mayi anga kuti ine kumanda sindipita, ndikadikira pachulu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali otupa.

Loweruka ndinaima pachulupo ndekha, anthu onse ali kunyumba ya siwa. Ola litakwana, foni inalira. Anali Elena. Anali atadziwa zonse, ndipo anati wavala zakuda, wakhala pansi m'chipinda chake, akufuna angomva chilichonse. Ndinaloza foni kumene kunkachokera nyimbo, koma kunali kutali, mphepo inkapita nazo kwina. Anandifunsa ngati ayamba, poti iye sakumva kanthu.

Ndiye ndinaona chimanga chikugwedezeka. Anthu a maliro sanatsikire kudambo, anakhotera kumtunda, kulowa m'munda, bokosi lili pamapewa. Ndinamva pambuyo pake kuti mayi anga anaima kutsogolo kwa adzukulu, onyamula maliro aja, n'kuwalozera njira ya kuchulu. Akuluakulu anadandaula kuti njira analambula kale, ndipo maliro sadutsa m'munda wa chimanga chosakhwima. Mayi anga anati mundawo tsopano ndi wawo, chimanga adzadzala china.

Anaima m'munsi mwa chulu, bokosi osalitsitsa. Akwaya anayamba nyimbo pomwepo, pafupi moti ndinamva Elena akuyamba kulira. Kenako ndinaona mayi anga, munthu wa mawondo ovuta, akukwera chulu ndi manja, chitenje chonse matope. Anandilanda foni. Sanapereke moni.

"Elena, mwana wanga, bambo ako ndi awa. Tili nawo pano, akudutsa. Ukumva?"

Ndinali pafupi, khutu langa litagundana ndi lawo. Kenako mawu aang'ono a Chinyanja chopindika anati, "Ndikumva."

Chaka chotsatira anamanga nsanja ya mafoni kufupi ndi Namitambo, ndipo tsopano foni imalira ngakhale kukhitchini. Elena amaimbabe Lamulungu. Mayi anga amamupatsa moni wautali, kumufunsa za moyo, za mvula ya kumeneko, kumuuza za mbuzi, iye n'kumangoti ndikumva, ngakhale sakumva kanthu. Kubwera sanabwerebe. Amati chaka chamawa, ndipo mayi anga anamusungira ndime ya m'munsi mwa pamene panali chulu. Che Amidu anasiya bawo, ati otsalawa amavomera msanga.

Nyumba ya atsibweni ndi yotseka. Mabuku ali m'masutikesi momwe anabwerera, palibe amene angawawerenge kuno, ndipo kuwataya sitingathe. Pachitseko timabokosi tinayi tija tikuonekabe pang'ono, dzina langa pamwamba, la Che Amidu pansi, ndipo mayi anga akamasesa pakhonde amasamala kuti tsache lisakhudzepo. Ndimawasowa atsibweni anga. Ndimasowa choko cha m'tsitsi, mchere wobwera kawiri, ndi masamu amene sindinawamvepo. Nsungwi ya kum'mawa inadyedwa ndi chiswe, inagwa ndi mphepo ya chaka chatha. Ya kumadzulo ikadali chiimire yokha, waya wake ukulendewera pawindo lotseka, ndipo mphepo ikawomba umagogoda pagalasi.